Malamba a mphira ndi ufa wa creatine kwa achikulire: zomwe zimaoneka pakapita miyezi 9

Munthu wa zaka zoposa 60 akaganiza zochepetsa thupi, amatha kugula zinthu zitatu nthawi imodzi: malamba a mphira olimbitsira thupi, chitini cha ufa wa creatine monohydrate (womwe umamwedwa pofuna kuwonjezera mphamvu za minofu), ndi tiyi woondetsa. M'masabata oyamba tiyi ndiye amaoneka ngati katswiri, poti sikelo imatsika msanga. Ikakwana miyezi 9 zimakhala zitatembenuka. Ntchito yaikulu amakhala agwira ndi malamba, creatine amakhala wawonjezerapo pang'ono koma zenizeni, pomwe tiyi wangodya ndalama.

Za tiyi sitichulutsa gaga m'diwa. Ambiri mwa matiyiwa muli senna, chomera chotsegula m'mimba, ndiye chimene chimachoka m'thupi ndi madzi, osati mafuta. Kwa amene amamwa hydrochlorothiazide wa BP, mankhwala omwe kale amakodzetsa ndi kutsitsa potaziyamu m'magazi, tiyiyu amabweretsa chizungulire poimirira, ndipo munthu wamkulu akagwa amatha kuthyoka chiuno. Tiyiyu msiyeni ndithu.

Vuto la kuonda paukalamba ndi lakuti thupi silitaya mafuta okha. Munthu akangochepetsa chakudya, pafupifupi kilogalamu imodzi mwa makilogalamu 4 aliwonse otayika sikhala ya mafuta, ndipo mbali yaikulu imachoka ku minofu, yomwe kale imakhala ikuchepa ndi zaka. Kafukufuku wa Dennis Villareal ndi anzake, wotuluka m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine mu 2017, anatsata achikulire onenepa kwambiri 160 kwa miyezi 6. Magulu onse amene anachepetsa chakudya uku akuchita masewera anatsika ndi pafupifupi 9 peresenti ya kulemera kwawo. Koma amene ankachita masewera opumitsa wefuwefu okha, monga kuyenda ndawala, anataya pafupifupi 5 peresenti ya mnofu wopanda mafuta, pomwe okoka ndi kunyamula zolemera anataya 2 peresenti. Amene anaphatikiza zonse ziwiri ndiwo anapindula koposa pa kayendedwe ndi ntchito za tsiku ndi tsiku. Apa ndi pamene malamba amalowera.

Malamba a kampani ya TheraBand amayenda ndi mitundu: wachikasu ndi wofewa, kenako wofiira, wobiriwira, wabuluu, wakuda. Makampani ena amasintha mitunduyi, choncho werengani pa paketi. Lamba wa mita 1.5 amakwanira. Muzichita masiku 2 kapena 3 pa sabata, kudumphitsa tsiku pakati: kudzuka pampando mutaponda lamba ndi kugwira nsonga zake, kukokera zigongono kumbuyo lamba atamangidwa pa zitsulo za pawindo, kukankhira manja kutsogolo lamba atadutsa kumsana, ndi kuyenda chambali lamba ali pamwamba pa mawondo. Chilichonse kokwana 8 mpaka 12, kupuma mphindi imodzi kapena ziwiri, n'kubwereza maulendo 2 kapena 3. Pokoka muzitulutsa mpweya, chifukwa kubanika kumakweza BP mwadzidzidzi. Pobweza lamba muzimulondola pang'onopang'ono kwa masekondi 3, osangomusiya kuti akubwezeni, poti m'kubwezamo namonso minofu imalimba.

Pamene ambiri amaimira ndi mwezi wachitatu kapena wachinayi. Amakakamira lamba yemwe anayamba naye, amafika pokoka ka 20 akucheza, ndipo mphamvu zimasiya kukwera. Mukafika ka 15 osavutika, gwirani lamba chapafupi kuti afupike, kapena tengani mtundu wotsatira. Miyendo ndiyo imayamba kuwapitirira malamba. Zikatero kumbatirani pachifuwa chigubu cha madzi cha malita 5, chomwe ndi makilogalamu 5, podzuka pampando.

Mphira nayo imatha, ndipo chimene chimaimaliza msanga kwathu kuno ndi mafuta odzola. Vaseline wa m'manja amafewetsa mphira mpaka imayamba kumata, kenako kuphulika. Dzuwa ndi kutentha zimaiumitsa. Mphete ndi zikhadabo zimasiya kamng'alu m'mphepete, komwe simungakaone lamba ali chikhalire. Musanayambe, mutambasuleni pang'ono moyang'anitsa kuwala: mukaona timizere toyera kapena kachibowo, m'tayeni, chifukwa lamba woduka ali wokokeka amabwerera ngati legeni ndipo amavulaza diso. Pa chifukwa chomwecho musamukokere kumaso, ndipo musamutalikitse kupitirira katatu kutalika kwake. Sambani m'manja musanamugwire, m'tsukeni ndi madzi okha, aume pamthunzi, m'waze kaufa ka paudala, m'sungeni m'kabati. Lamba amene mumagwiritsa ntchito kwambiri muyembekezere kumusintha chaka chisanathe.

Creatine mlingo wake ndi magalamu 3 mpaka 5 patsiku, tsiku lililonse, kaya mwachita masewera kaya ayi. Chitini cha magalamu 300 chimatha miyezi 2 pa magalamu 5, kapena masiku 100 pa magalamu 3. Malangizo a pachitini oti muyambe ndi magalamu 20 patsiku kwa sabata imodzi ngosafunika kwa achikulire: amangotupitsa ndi kutsegula m'mimba, pomwe magalamu 3 patsiku amadzaza minofu chimodzimodzi pakatha milungu 4. M'mwezi woyamba sikelo imatha kukwera ndi kilogalamu imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Amenewo ndi madzi olowa m'minofu, koma ambiri amasiyira pomwepo poganiza kuti ufawu ukuwanenepetsa. Phindu lake limabwera mochedwa. Mu 2017 Philip Chilibeck ndi anzake anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 22 wa achikulire, n'kupeza kuti omwa creatine uku akuchita masewera a zolemera anawonjezera pafupifupi makilogalamu 1.4 a mnofu wopanda mafuta kuposa ochita masewera okha. Onani bwino: onse ankachita masewera. Creatine womwera pampando phindu lake ndi lochepa kwambiri, ndipo sasungunula mafuta.

Nyengo ya mvula ufawu umagwirana mibulu. Sikuti waonongeka, ingouphwanyani, koma musataye kapaketi koyamwa chinyezi kamene kamakhala m'katimo, ndipo musalowetsemo supuni yonyowa. Sasungunuka bwino m'madzi ozizira, amatsalira pansi pa kapu, choncho gwiritsani madzi ofunda n'kumwa nthawi yomweyo. Pogula onani kuti palembedwa creatine monohydrate yekha. Zosakaniza zomwera masewera asanayambe zimakhala ndi caffeine wambiri, yemwe sagwirizana ndi mtima wothamanga.

Nkhani ya impso ndiyo yofunika kuimvetsa. Creatine amasanduka creatinine m'thupi, ndipo creatinine ndi amene achipatala amayeza pofuna kudziwa mmene impso zikugwirira ntchito. Zotsatira zimatha kukwera pang'ono impso zili bwinobwino, ndiye dokotala wosauzidwa angaganize kuti zayamba kufooka. Yezetsani musanayambe kuti pakhale poyerekezera, ndipo muzinena nthawi zonse kuti mukumwa ufawu. Amene ali kale ndi matenda a impso, a shuga kapena BP ya zaka zambiri, amene ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir, ndiponso amene amamwa brufen kapena diclofenac pafupipafupi chifukwa cha mawondo, asayambe asanaonane ndi dokotala. Pomwe tatchula ma ARV, tinenenso za mapiritsi a calcium ndi ayironi amene achikulire ambiri amawonjezerapo okha: amamanga dolutegravir, mmodzi mwa ma ARV, m'matumbo kuti asalowe bwino m'magazi. Dolutegravir amwedwe maola 2 mapiritsiwo asanamwedwe kapena maola 6 atamwedwa. Omwa mankhwala a shuga a glibenclamide kapena obaya insulin nawo achenjere, chifukwa kuchepetsa nsima uku mukuwonjezera masewera kumagwetsa shuga, ndipo mlingo wa mankhwala umafunika kuunikidwanso.

Zonsezi sizipita patali ngati mbale ilibe zomanga thupi. Achikulire amafunika galamu 1 mpaka 1.2 pa kilogalamu iliyonse ya thupi, kutanthauza magalamu 70 mpaka 84 patsiku kwa munthu wa makilogalamu 70, ogawidwa katatu. Dzira limodzi lili ndi magalamu 6, kapu ya mkaka kapena chambiko 8, kapu ya nyemba zophika pafupifupi 15, magalamu 50 a soya pieces osaphika pafupifupi 25. Usipa ndi matemba ouma, kuposa theka la kulemera kwake ndi zomanga thupi. Pofooka penipeni ndi m'mawa, pamene ambiri amangomwa tiyi ndi mbatata. Onjezanipo mazira awiri, kapena phala la soya lothira nsinjiro. Chotsani mtanda umodzi wa nsima, osati ndiwo, ndipo musafune kutsika kuposa theka la kilogalamu pa sabata.

Poyeza ngati zikuyenda, sikelo yokha imanamiza. Yezani mimba ndi tepi ya telala pa mchombo mwezi uliwonse, ndipo werengani kuti mukudzuka kangati pampando m'masekondi 30 manja atapingasa pachifuwa. Malinga ndi bungwe loona zaumoyo la CDC la ku America, pa zaka 65 mpaka 69 bambo wosafika ka 12 kapena mayi wosafika ka 11 ali pa chiopsezo chakugwa. Mimba ikamachepa nambalayo ikukwera, pitirizani ngakhale sikelo itaima. Koma thupi likamatsika lokha musanasinthe kadyedwe, makamaka pakakhala chifuwa, ludzu losatha kapena kutopa, ikani kaye malamba pambali mukayezetse TB, shuga ndi zina kuchipatala.