BLAST ya NCBI: mmene ikundithandizira pa kafukufuku wa kadukutu

Ndikuchita Masters pa matenda a kadukutu mu nshawa, ndipo masamba odwala ndimatola m'minda ya kuno ku Chipata, cha ku Msekera. Anzanga amene mwangolandira ma sequence (mndandanda wa zilembo za chibadwa) kuchokera ku labu, yambani ndi BLAST. Ili pa webusaiti ya NCBI, bungwe la ku America losunga uthenga wa chibadwa cha zamoyo, inatuluka mu 1990, ndipo simulipira ngakhale ngwee imodzi. Mumamata zilembo zanu za A, T, G ndi C m'bokosi, n'kusankha blastn (BLAST yofananiza zilembo za DNA), iyo n'kuzifananiza ndi zimene ofufuza a dziko lonse lapansi anasunga mu GenBank, nkhokwe ya ma sequence ya NCBI.

Kwa ine inathetsa nkhawa yaikulu. Kadukutu sabwera ndi kachilombo kamodzi. Pali kachilombo ka GRV (Groundnut rosette virus), pali satellite RNA, kachidutswa ka chibadwa kodalira GRV, imene imachititsa kuti mbewu ipinimbire ndi kuchita mawanga, ndiye pali GRAV (Groundnut rosette assistor virus), imene imaveka zinzakezo chikhungwa chake kuti nsabwe za Aphis craccivora zizinyamule kupita ku mbewu ina. Mzera ukaoneka pa gel (poonera zidutswa za DNA) pambuyo pa RT-PCR (njira yochulukitsa chibadwa cha kachilombo kuti chioneke), mtima sukhala pansi, chifukwa primer, kachidutswa kosakira chibadwa cha kachilombo, ikhoza kugwira chibadwa cha nshawa yeniyeniyo. BLAST inandionetsa kuti kachidutswa kanga ndi ka chibadwa cha coat protein (chikhungwa chija) ya GRAV, ndipo oyandikana nako kwambiri anali ochokera ku Malawi ndi ku Nigeria. Za ku Malawi sizinandidabwitse, poti Mchinji ndi pakhomo pomwepa.

Koma musathamangire dzina lokhala pamwamba pa zotsatira za BLAST. Onani kaye Query Cover, yoonetsa kukula kwa gawo la sequence yanu limene lafananizidwa: kufanana 99% pa kachigawo kakang'ono ka sequence yanu sikukuuzani kanthu. E value, yoonetsa ngati kufananako kungakhale kwa mwangozi, iyandikire 0. Kumbukiraninso kuti mayina a mu GenBank amalemba ndi anthu amene anatumiza, ndipo munthu amaphonya. Dulaninso mbali zonse ziwiri za sequence pamene chromatogram (chithunzi cha mafunde chimene zilembozo zimawerengedwapo) yasokonekera musanaimate, apo ayi mudzaona kusiyana kumene kulibe.

Bandulo siidya kwenikweni, ngakhale pa foni imatheka, kungoti matebulo ake amafuna laputopu. Chovuta kuno ndi malaiti ndi netiweki. Lembani nambala ya RID, imene BLAST imapereka pa kusaka kulikonse, ikangotuluka, kuti zikazima mupeze zotsatira zanu osayambiranso, ndipo muzitsitse tsiku lomwelo chifukwa sizisungidwa nthawi yaitali. Mtengo wa ubale wa tizilombo ndimakaupangira mu pulogalamu ya MEGA, pakuti wa mu BLAST ndi wongoonera, sungalowe mu thesis.