Mutt ndi yabwino, koma onani kaye ngati mzere wa source ulipo

Ndagwiritsa ntchito Mutt, pulogalamu yowerengera ndi kutumizira maimelo, miyezi inayi tsopano, ndipo pa nyenyezi zisanu ndikuipatsa zinayi. Mukanandifunsa sabata yoyamba ija ndikanati imodzi, nayonso monyinyirika.

Zoti ndi yaulere komanso kuti ndi zilembo zokhazokha, yopanda zodinadina ndi mausi, mukuzidziwa kale. Anandiikira ndi mnyamata wa makompyuta kuntchito kwathu, wamatama uja, amene ukamufunsa kanthu amakuyankha akuyenda. Anandionetsa chinthu chimodzi chokha: ukakhala pa kalata n'kudina batani la a, Mutt imatenga adiresi ya wotumizayo n'kukufunsa dzina lachidule loti uzimuitanira, lomwe amati alias. Tsikulo ndinakhalira yomweyo mpaka madzulo. Abwana ndinawapatsa "bwana", a ku akaunti "malipiro", mpaka anthu anakwana 40. Ndikalemba zilembo ziwiri n'kudina Tab, dzina lachidule lija linkangomalizika lokha, ndipo ndikadina Enter adiresi yonse inkangotulukira yokha. Ndinaweruka ndikumwetulira ndekha.

M'mawa mwake panali lipoti loti lifike 9 koloko isanakwane. Ndinalemba "bwana" pa To, n'kumata lipotilo, n'kudina y kuti kalata ipite, osayang'ananso kawiri. Cha m'ma 11 foni inalira. "Kodi lipoti lija mukulisunga kuti likule?" Ine kulumbira kuti ndatumiza kalekale. Poyang'ana, kalata yabwerera, yagona phee m'bokosi langa. Adiresi yake inali bwana@ kenako dzina la kompyuta yanga yomwe. Mutt ikapanda kulidziwa dzina, imangoti ameneyu ndi wa pamakina pompano, n'kuphatikapo dzina la makinawo, osakufunsa. Ndinayesa "malipiro", Tab, kuli zii. Mayina onse 40 aja panalibe ndi limodzi lomwe. Thukuta linandituluka.

Nditamuimbira mnyamata uja anangoti, "Mwina mwafufuta nokha, akulu," n'kudula foni. Mpaka lero mawu amenewo amandiwawa kuposa a abwana.

Mkwiyo ndi umene unanditsegulitsa fayilo ya .muttrc, yolembamo mmene ukufunira kuti Mutt izigwirira ntchito, yomwe ndinkaiopa ngati njoka. Munali mzere uwu: set alias_file=~/.mutt/aliases. Nditatsegula fayilo ya aliases ija ndinapeza anthu anga onse ali momwemo, aliyense pa mzere wake: mawu oti alias, dzina lachidule, dzina lonse, kenako adiresi pakati pa zizindikiro za < ndi >. Palibe chinatayika. Vuto ndi loti mzere wa alias_file umangouza Mutt kokalemba mayina. Kuti iziwawerenga ukaitsegulanso, pamafunika mzere wina: source ~/.mutt/aliases. Dzulo lake zinkatheka chifukwa ndinali ndisanaitseke. Mzere umenewu ndi umene katswiri wathu uja anausiya.

Apa mtima unayamba kutsika, chifukwa buku la malangizo la Mutt limanena zimenezi poyera, kungoti sindinaliwerenge, nayenso zikuoneka kuti sanaliwerenge. Nditawonjezera mzerewo zonse zinabwerera, ndipo sizinandivutenso. Ndinazindikiranso kuti alias imodzi ikhoza kunyamula anthu angapo, ungowalekanitsa ndi makoma, ndiye ndikalemba "komiti" kalata imapita kwa anthu asanu ndi awiri nthawi imodzi. Palinso set reverse_alias, yomwe imaonetsa pa mndandanda wa makalata dzina lomwe iwe unamulembera munthu, osati lomwe anadzipatsa yekha. Fayiloyo ndi mawu wamba, moti nditasintha kompyuta ndinangoikopera, basi.

Nyenyezi imodzi ndaichotsabe. Pulogalamu yomwe Michael Elkins anaiyamba mu 1995 ikanatha pofika pano kumakuchenjeza kuti mayina ukulembawa mawa sindiwaona. Kwa wongoyamba kumene, dzenje limeneli ndi losavuta kugweramo.

Mnyamata uja ndinamuonetsa mzerewo pa sikirini. Anauyang'ana, n'kunena kuti "Eya, umafunikadi umenewo," ngati kuti ndi iye waupeza. Pepani sanatuluke.