Ndemanga yanga pa Chamare Museum ku Mua: pitani ndi munthu wamkulu, ndipo musathamange

Kwa anzanga a kuno ku Salima amene mumafunsa ngati ulendo wa ku Mua ndi woyenera kuwonongerapo ndalama ya thiransipoti, yankho langa ndi lakuti inde, pitani. Koma mverani malangizo awiri: patulani tsiku lathunthu, ndipo tengani munthu wamkulu wa kwanu. Ine ndinapita ndi amalume anga, ana anga awiri ndi mwana wa achemwali anga, ndipo ndikulemba zimene tinaona ndi maso athu.

Mua ili m'boma la Dedza, m'tsinde mwa mapiri, m'dera la Inkosi Kachindamoto, koma kwa ife a ku Salima kufikako n'kosavuta. Mumakwera minibasi yolowera ku Golomoti kapena ku Balaka pa msewu wa M5, n'kudutsa Chipoka ndi Ngodzi mpaka cha ku Mtakataka. Mukatsika pamphambano ya ku mishoni pamatsala kamtunda, koma akabaza amakhalapo. Mishoniyi anaiyambitsa ansembe a Katolika a chipani cha White Fathers mu 1902. Malo a zachikhalidwewo, otchedwa Kungoni Centre of Culture and Art, anawayambitsa mu 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada amene anthu anamupatsa mfunda wa Chisale. Nyumba yosungiramo zinthu zamakolo inatengera dzina la mmishonale wa ku France, Jean-Baptiste Champmartin, yemwe anthu a ku Mua ankangomutchula kuti Chamare.

Musafulumire kulowa. Makoma a kunja kwa nyumbayi ajambulidwa mbiri ya dziko lino, ndipo wotiperekeza anayambira pomwepo kutifotokozera. Ana anga anaima nthawi yaitali pa nkhani ya Kaphirintiwa, pamene mwamuna ndi mkazi oyamba anatsika kumwamba ndi mvula, atanyamula khasu, lichero ndi mtondo, n'kumakhala mwamtendere ndi nyama mpaka tsiku limene munthu anapeka moto n'kuyatsa tchire. Nyama zinathawa munthu, Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Nkhaniyi ine ndinaimva kwa agogo anga ndili wamng'ono, koma ana anga anali asanaimvepo, ngakhale amadziwa za Adamu ndi Hava kuyambira ku Sande sukulu. Zinandikhudza.

Chipinda choyamba ndi cha mbiri ya mishoni ndi kubwera kwa Chikhristu: zithunzi zakale za ansembe a ndevu zawo, akatekisiti oyamba, nyumba zoyamba za njerwa. N'chabwino, koma ife sitinakhalitsemo.

Chimene munthu amapitira ku Mua ndi chipinda chachiwiri, cha Achewa. Pano ndiyenera kunena za amalume. Iwo ndi munthu wometa, wa kubwalo, ndipo ulendowu sankaufuna. Mawu awo anali akuti za kudambwe sazionetsa pa ndalama. Anavomera kubwera chifukwa ndinawachonderera kuti adzukulu awo akufunika munthu wowalongosolera. Titafika pakhomo la chipindacho anaima, anavula chipewa, ndipo anakhala chete kwa kanthawi. Mkati muja nkhope za zilombo za gule wamkulu, mazanamazana, zaikidwa kuchokera pansi mpaka pafupi ndi denga, zina zofiira, zina zakuda bii, zina za nthenga, zina za masanza, zonse zikukuyang'ana. Ngakhale iwe amene unakulira m'mudzi wa mzinda, woti unaombera m'manja ndi kuimbira gule kuyambira uli namwali, thupi limachita tsemwe.

Chadzunda ndinamuona pafupi kwa nthawi yoyamba. Pabwalo umamuonera patali, fumbi lili koboo, ng'oma ya mbalule ikulira, ndipo maso amakhala pa mapazi ake, momwe amalowera motsimphina ngati nkhalamba yotheratu kenako n'kuvina mwamphamvu. Apa ndinatha kuona makwinya a pamphumi pake, mano ogweluka, ndevu za imvi, ndi kuda kwa nkhope yake. Pafupi pake panali Maliya, wa mphini m'masaya ndi maso ofatsa. Wotiperekeza anafotokoza kuti awiriwa amaphunzitsa za banja, za ulemu wa mkulu wa mudzi ndi za kubereka. Anationetsanso Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, amene makolo athu anamupanga poona alendo amene anabwera ndi chipembedzo ndi ulamuliro wawo. Kasiyamaliro analiponso, chilombo chooneka ngati mphalapala cholukidwa ndi udzu ndi makoko a chimanga, chimene chimaperekeza mzimu wa womwalira. Panali Kapoli, Kang'wingwi, Mbiyazodooka, ndi ena ambiri amene mayina awo ndinali ndisanawamvepo chifukwa ndi a m'madera ena a Dedza, Lilongwe ndi Mchinji.

Chimene chinanditsegula maso ndi kuona kuti gule amayenda ndi nthawi. Muli nkhope zonena za matenda a Edzi, za andale, za uchidakwa, za mwamuna wachimasomaso, za mkamwini waulesi, za munthu wopita kutauni n'kuiwala kwawo. Chilombo chilichonse chili ndi nyimbo yake ndi mwambo wake, ndipo nthawi zambiri chimaonetsa khalidwe loipa dala kuti anthu aseke, achite manyazi, asiye. Ambiri a ife timangoti gule ndi wothamangitsa anthu pamsewu ndi kupempha ndalama, chifukwa ndi zimene timakumana nazo masiku ano. M'chipinda chimenechi umaona sukulu yathunthu ya makolo, yokhala ndi maphunziro ake kuyambira pa chinamwali mpaka pa maliro ndi mpalo. N'chifukwa chake sindidabwa kuti bungwe la UNESCO linalengeza mu 2005 kuti gule wamkulu ndi chimodzi mwa chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse lapansi, pamodzi ndi Achewa anzathu a ku Zambia ndi ku Mozambique.

Wotiperekeza uja ndimuyamikire mwapadera. Anali mnyamata ndithu, koma wodziwa malire. Amalume anamuyesa ndi funso lina la mkati, la zinthu zimene ine monga mayi sindiyenera kuzilemba pano. Iye anamwetulira, anagwira m'manja mwaulemu n'kunena kuti, "Agogo, zimenezo inu mukuzidziwa kuposa ine, ndipo pano tili ndi amayi ndi ana." Amalume anagwedeza mutu. Kuyambira pamenepo anamasuka, moti anayamba ndi iwo kufotokozera adzukulu awo, ndipo pa chilombo china anaimba nyimbo yake chapansipansi, mnyamata uja n'kumavomera. Amalume atanditembenukira anati, "Nabanda, anthu awa sanatilaule ayi. Asunga." Kwa munthu amene anachoka kunyumba atakwinya nkhope, mawu amenewa ndi aakulu.

Tinapemphedwa kuti tisajambule zithunzi m'chipindacho, ndipo ine ndinagwirizana nazo ndi mtima wonse. Zinthu zina si zoti zizingoyenda pa WhatsApp popanda wozilongosola.

Pali nkhani ina imene ndakhala ndikuilingalira chibwerereni. Mbiri siibisa kuti amishoni oyamba, kuphatikizapo a pa Mua pomwepo, ankalimbana kwambiri ndi gule, ndipo Mkhristu wopezeka kudambwe ankachotsedwa mumpingo. Mpaka lero m'midzi yathu yambiri muli mzere pakati pa "a mpingo" ndi "a mpingo wa Aroni", ndipo pamaliro pena mkangano umabuka woti aike ndani. Tsono kuona kuti pamalo pomwe panali nkhondo imeneyi ndi pamene lero pasungidwa chuma cha gule mwaulemu chonchi, ine monga Mkhristu komanso Mchewa ndinamva kupepukidwa mumtima. Sindikunena kuti aliyense adzagwirizana nazo. Ndikudziwa akumpingo ena amene sangapondeko, ndi akudambwe ena amene angaone ngati zaululika zambiri. Koma onsewa ndikanakonda akanakaona kaye asanaweruze.

M'chipinda chomwechi muli zithunzi ndi zosema zolongosola moyo wa Mchewa kuchokera pa kubadwa: chikuta, kutengera mwana kumphasa, ntchito ya anamkungwi, chikamwini, udindo wa malume pa mbumba yake, kulonga ufumu, ndi za mdulo. Mwana wanga wamkazi anafunsa chifukwa chake agogo ake aamuna a kuchikazi ndi amene amakhala patsogolo pa nkhani za m'banja mwathu, ndipo yankho analipeza pakhoma pomwepo. Malowa akuyeneranso nkhani zimenezi, pakuti Mankhamba, likulu lakale la Kalonga wa Amaravi, lili m'dera lomweli la Mtakataka.

Chipinda chachitatu ndi cha Angoni ndi Ayao. Mbali ya Angoni ili ndi zishango za chikopa cha ng'ombe, nthungo, zibonga, mikanda ndi zovala za ingoma, ndiponso mbiri ya ulendo wawo wochokera kummwera kwa Africa, mpaka imfa ya Inkosi Gomani woyamba amene anaphedwa ndi atsamunda mu 1896. Mnyamata wanga apa ndiye sanafune kuchoka. Mbali ya Ayao ikufotokoza za jando, nsondo, malonda a kugombe la nyanja yamchere, ndi kubwera kwa Chisilamu. Mwana wa achemwali anga, amene bambo ake ndi Myao wa ku Senga Bay, anali phee m'zipinda zina zija, koma apa anayamba kuloza zinthu n'kumatchula mayina ake m'Chiyao. Kuno ku Salima Achewa ndi Ayao timakwatirana, timagulitsana usipa, timalirana maliro, koma miyambo ya anzathu timangoidziwa pamwamba. Chipinda chimenechi chinandiphunzitsa za alamu anga zinthu zimene ndikanachita manyazi kuwafunsa.

Tsopano za zosemasema, pakuti Kungoni inayamba ngati malo ophunzitsira amisiri. Tinaima pafupi ndi bambo wina amene ankasema. Anakhala pansi, chipika atachipana ndi mapazi, kasemasema ali m'dzanja, ndipo ankadula pang'onopang'ono, tizipalamba tikugwera pa miyendo yake. Atafika pa nkhope anasiya kasemasema, anatenga tchizulo chaching'ono, n'kuyamba kutulutsa chikope cha diso ndi dzanja losanjenjemera. Ana anakhala chete osauzidwa. Ife a ku Salima ziboliboli sitizisowa, pa msewu wa ku Senga Bay zilipo zambiri, ndipo amisiri athu ali ndi luso. Kusiyana kwake n'kwakuti zambiri za pamsewu zimasemedwa motsata zimene alendo amagula msanga: mvuu, njovu, mipando ya mfumu, bawo. Za ku Mua zimakamba nkhani. Mumapeza Maria atabereka mwana kumbuyo ndi nsalu, Yesu wa nkhope ya Chimalawi, amayi ali pamtondo, mudzi wonse utazungulira thunthu limodzi la mtengo. Ntchito za amisiri a kumeneku zinafika mpaka m'matchalitchi a ku Ulaya. Mitengo yake ndi yokwererapo poyerekeza ndi ya pamsewu, koma ukagwira chosemacho m'manja, kulemera kwake ndi kusalala kwake zimakuuza chifukwa. Ine ndinagula kachosema ka mayi akupeta, ndipo sindikudandaula. Ndalama yolowera nayonso sindinaione yolemetsa poyerekeza ndi zimene tinaphunzira.

Kunja kuli munda wa mitengo ndi maluwa m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipokwe, pamthunzi pabwino popumulira. Ife tinadyera pamenepo mbatata ndi thobwa zimene tinanyamula. Ofuna kugona, malo ogona alendo otchedwa Namalikhate ali pomwepo.

Zoti musamale nazo zilipo. Mwana wamng'ono kwambiri angathe kuchita mantha m'chipinda cha gule. Wanga wotsiriza anandikakamira chitenje mpaka titatuluka, choncho muuzeni mwana pasadakhale zimene akaone. Zowerenga ndi zomvera n'zambiri, ndipo munthu wa ola limodzi atuluka mutu uli ziii, osagwira kanthu. Amalume anachita kutikumbutsa pamene ana anayamba kufulumira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Nyengo ya dzuwa derali limatentha monga kwathu kuno, ndiye nyamulani madzi ndipo nyamukani m'mamawa. Chimene chinatisowetsa mtendere ndi ulendo wobwerera: minibasi imene tinakwera inkaima paliponse, kondakitala anatipanikiza anthu asanu pampando, ndipo anafuna kutikweza mtengo ataona kuti kwada ndipo tili ndi ana. Yesetsani kukhala pamsewu dzuwa lisanapendeke kwambiri, kapena sonkhanani monga gulu n'kuchita hayala galimoto.

Tsiku limene tinapita, alendo ambiri amene tinakumana nawo anali ochokera kunja, makope ali m'manja, akulemba mwakhama mayina a zilombo zathu. Sindikuwadandaula, abwere ndithu. Koma zinandiwawa kuti ife eni ake, amene tili pafupi chonchi, timadutsa pamphambano ya Mua popita ku Balaka kapena ku Mangochi osakhotako. Aphunzitsi aakulu a sukulu za ku Salima, mukamakonza maulendo a ana musamangoganiza za kunyanja ndi kumalo osungirako nyama a Kuti. Lumikizanani ndi a ku Kungoni pasadakhale, mutenge ana a Sitandade 7 ndi 8 pamodzi ndi agogo awiri kapena atatu a m'mudzi. M'mwezi wa Ogasiti kumakhala chikondwerero cha magule a mitundu yosiyanasiyana, ndipo ife amayi a m'gulu lathu la banki mkhonde tayamba kale kusonkha ya galimoto.