Ndemanga ya Transcribe!: kufufuza makodi a gitala m'nyimbo zoimbidwa pasiteji

Transcribe! ndi pulogalamu ya pakompyuta yopangidwa ndi Seventh String, ndipo ine ndimaigwiritsa ntchito pofuna kudziwa zimene woimba gitala akugwira m'mavidiyo a pa shoo ndi a m'tchalitchi. Amene mukuganiza zogula dziwiranitu kuti siikulemberani makodi (manoti angapo olira pamodzi) a nyimbo yonse kuti muzingotsatira. Imachedwetsa nyimbo popanda kusintha kiyi, imabwereza kachigawo kamene mwasankha mpaka mutatopa nokha, ndipo imakuonetsani manoti amene akumveka pa kamphindi kameneko. Zotsalazo ndi ntchito ya makutu ndi zala zanu. Pa nyimbo za pasiteji, zimenezi n'zimene zimafunika.

Chifukwa chake n'chakuti dzina la kodi silikuuzani zambiri. Nyimbo ikhoza kukhala ya G, C ndi D basi, koma mukaimba makodi amenewa kumutu kwa gitala mmene tonse tinaphunzirira, mumamva kuti si zimene munamva pa vidiyo ija. Woimba wa pasiteji amasiyira bezi ndi kiyibodi mawu a pansi, iye n'kukwera pakati pa khosi la gitala ndi nsambo zitatu zoonda zokha. Pa nyimbo ina ya kwaya imene ndinkafufuza, G wake anali pa fret (timipata ta pa khosi la gitala) 7, 8 ndi 7, kuyambira nsambo yachitatu mpaka yoyamba, kutanthauza manoti D, G ndi B. Popita ku C, chala cha pa nsambo yachiwiri sichinkasuntha n'komwe: 9, 8, 8, omwe ndi E, G ndi C. Noti ya G ija imangolirabe pamene zinazo zikusintha, ndipo kukoma konse kwa kachigawoko kunali pamenepo. Pa liwiro lake lenileni zimenezi zimangodutsa ngati mphepo. Nditachedwetsa kufika pa theka n'kuika kachigawoko pobwereza, noti iliyonse inayamba kumveka payokha.

Chimene chimathandiza kwambiri ndi chithunzi chimene chimabwera pamwamba pa makiyi a piyano amene pulogalamuyi imaonetsa pa sikirini. Mukasankha kamphindi kochepa, pamatuluka mzere wokwera ndi wotsika, ndipo pamene wakwera kwambiri ndi pamene pali noti yamphamvu. Mukadina kiyi ya piyanoyo imalira, inu n'kuyerekeza ndi zimene mukumva. Koma musakhulupirire nsonga iliyonse. Nsambo imodzi ikalira imatulutsanso timawu tina pamwamba pake, moti E wa pansi yekha amaonetsanso E wina ndi B amene palibe anamugwira. Onjezanipo ng'oma, nthungululu za amayi ndi chinkuzamawu chimene chikulira mopitirira, muona nsonga zambirimbiri. Pulogalamuyi imayesanso kutchula dzina la kodi, ndipo pa nyimbo yojambulidwa bwino imalondola ndithu. Komabe Am7 ndi C6 ali ndi manoti ofanana, A, C, E ndi G, ndiye woweruza ndi bezi. Ine ndimatsitsa mawu a pamwamba ndi EQ (chokwezera kapena kutsitsira mawu a pamwamba ndi a pansi), kenako n'kukweza nyimbo yonse ndi octave imodzi (manoti omwewo koma okwera, monga kuchoka pa do kufika pa do wa pamwamba), bezi imamveka bwinobwino ngakhale pa vidiyo ya pafoni.

Imatsegulanso mavidiyo, chithunzi n'kumachedwa limodzi ndi mawu. Apa ndi pamene nkhani ya kapo, kachida kopanira nsambo pa khosi la gitala, imathera. Makutu akhoza kukuuzani kuti kodiyo ndi A, koma maso n'kuona kuti munthuyo waika kapo pa fret 2 ndipo akugwira ngati G. Ndi A yemweyo, koma kaliridwe kake n'kosiyana kwambiri ndi A wotsekereza nsambo zonse ndi chala chimodzi. Vuto ndi ojambula athu, amene gitala ikangoyamba kukoma amatembenuzira kamera kwa ovina.

Magulu ena amachuna gitala motsitsa ndi semitone imodzi (mulingo wa fret imodzi) kuti woimba asavutike kukhosi, ena amangochunirana ndi khutu osafika pa A wa 440 Hz, womwe ndi muyezo wodziwika wochunira. Mu Transcribe! mumasuntha nyimbo pang'onopang'ono ndi ma cent, 100 pa semitone iliyonse, mpaka igwirizane ndi gitala yanu. Simukhudzanso zochunira.

Zofooka zilipo. Maonekedwe ake ndi achikale ndipo mabatani ndi ambiri, moti masiku oyamba mumasochera. Imagwira pa Windows, Mac ndi Linux, koma ya pafoni palibe, pamene ambiri a ife nyimbo timasunga pafoni. Nyimboyo iyenera kukhala kaye ngati fayilo m'kompyuta mwanu. Mukachedwetsa mopitirira, mawu amayamba kunjenjemera, ndiye ine sindipitirira theka pokhapokha pa timizere tothamanga ta gitala ya lidi. Mahedifoni ndi ofunika, chifukwa tizokuzira mawu ta laputopu timameza bezi yonse.

Amakupatsani masiku 30 oyesera mwaulere, ndipo mukagula mumalipira kamodzi kokha, osati mwezi ndi mwezi. Kulipirako ndi kwa pa intaneti ndi khadi. Amene mwangoyamba kumene gitala ndipo mukufuna makodi oti muimbire Lamlungu likubwerali, iyi ikuchedwetsani. Amene makodi mukuwadziwa kale koma mukudabwa kuti bwanji anu sakumveka ngati a pasiteji paja, tengani masiku oyeserawo, muyambe ndi vidiyo imene dzanja lamanzere la woimba likuoneka bwino.