Kodi chiwerengero cha ndalama za proof tichipeze kuti: kwa osula, m'buku la Krause, kapena pa Numista?

Ndalama zachitsulo zosulidwira anthu osunga zimafika kuno ku Mangochi kudzera mwa abale athu ochokera ku Joni, ndipo zina zimasiyidwa ndi alendo odzacheza ku Cape Maclear ndi Monkey Bay. Amene waigwira ndalama yotere amafuna kudziwa kuti zinasulidwa zingati, pakuti mtengo wake umatsamira kwambiri pamenepo. Chovuta n'chakuti ndalama ya chithunzi chimodzi ndi chaka chimodzi imatha kusulidwa m'mitundu ingapo, ndipo mtundu uliwonse uli ndi chiwerengero chakechake. Ya proof imadindidwa kangapo ndi zidindo zopukutidwa bwino, moti mukaipendeketsa padzuwa, malo osalala amaonetsa nkhope yanu pamene chithunzi chotukukacho chimaoneka choyera mbuu. Ya brilliant uncirculated imawala ndithu koma ilibe kusiyana kumeneko. Chitsanzo chabwino ndi 50p ya Kew Gardens ya ku Britain ya 2009: nambala ya 210,000 imene imatchulidwa paliponse ndi ya ndalama zimene zinalowa m'misika zokha, osati za m'timabokosi.

Malo oyamba kufunsa ndi kampani imene inasula ndalamayo, ndipo ine ndimaika njira imeneyi patsogolo pa zonse ikakhalapo. United States Mint ndiyo imachita bwino kwambiri, chifukwa imatulutsa poyera chiwerengero cha zimene yagulitsa pa mtundu uliwonse, n'chifukwa chake palibe mkangano kuti ndalama yasiliva ya Silver Eagle ya proof ya 1995 yokhala ndi chilembo W inasulidwa 30,125 zokha. Royal Mint ya ku Llantrisant, ku Britain, imafuna kuwerenga mofatsa, popeza imapereka manambala awiri: lina la ndalama zoikidwa m'kabokosi ka mtundu umodzi, lina la malire a ndalama zonse za mtunduwo, kuphatikizapo zimene zinalowa m'maseti. Munthu wothamanga amatenga nambala yaying'onoyo n'kumaganiza kuti wagwira chinthu chosowa kwambiri. Kufooka kwa njirayi n'kwakuti masamba a makampaniwa amasamala kwambiri za zimene akugulitsa lero, ndipo ndalama zakale, makamaka zimene anasulira maiko ena, simuzipezapo mosavuta.

Apa ndi pamene nkhani ya ndalama zathu imapweteka. Malawi alibe fakitale yosula ndalama, ndipo Reserve Bank of Malawi imaitanitsa kunja. Ndalama zoyamba za 1964, sikisipensi ya tambala, sheleni ya chimanga, florin ya njovu ndi half crown ya chizindikiro cha dziko, zonse zokhala ndi nkhope ya Kamuzu Banda, zinatulukanso monga seti ya proof. Mu 1978 kunatuluka ndalama zokumbutsa kuteteza nyama zakutchire, 5 kwacha ya mbidzi ndi 10 kwacha ya mphalapala zasiliva, ndi 250 kwacha yagolide. Pa ndalama ngati zimenezi, buku la Standard Catalog of World Coins, limene ambiri amangoti Krause, ndilo lothandiza koposa. Linayamba kutuluka mu 1972, limapatsa mtundu uliwonse nambala, kawirikawiri yoyamba ndi KM, ndipo limalemba proof pamzere wake posiyana ndi ndalama wamba. Ndimalikonda chifukwa cha dongosolo limeneli, koma sindilitenga ngati mawu omaliza. Pena m'malo mwa nambala mumapeza kamzere chabe, pena nambalayo yalembedwa kuti ndi yongoyerekeza, ndipo pa ndalama zambiri zatsopano nambala yolembedwayo imakhala malire amene analengezedwa, osati zimene zinasulidwadi. Bukuli ndi lalikulu komanso lodula, koma manambala ake ambiri amapezeka ulere pa tsamba la mitengo ya ndalama za m'maiko onse la NGC, kampani ya ku America yoyeza ndalama. Dziwani tsono kuti mukaona nambala imodzimodzi mu Krause ndi pa NGC, mwamva mboni imodzi kawiri.

Numista, tsamba la pa intaneti la osunga ndalama, ndiyo yapafupi kwa ife ogula mabandulo a intaneti a tsiku limodzi. Ndi yaulere, imatseguka bwino pa foni, ili ndi zithunzi za mbali zonse ziwiri, kulemera ndi kukula kwa ndalama, ndipo pozindikira kuti mwagwira chiyani palibe yoiposa. Olembamo ndi osunga ndalama anzathu odzipereka, ndipo manambala ena amatengedwa mu Krause momwemo. Choncho ndimayambira pamenepo, nditenge nambala ya KM, kenako ndikatsimikize kwina.

Pali zinthu ziwiri zimene ogulitsa amakonda kuonetsa ngati umboni, ndipo zonse zimasocheretsa. Choyamba ndi satifiketi ya m'kabokosi. Ikanena kuti sizidzapitirira 5,000, ikunena za malire. Mwina zinagulidwa zochepa, zotsala n'kusungunulidwa, ndipo satifiketiyo singadziwe zimenezo chifukwa inasindikizidwa malonda asanathe. Ilinso pepala chabe limene lingasamutsidwe kuchoka m'kabokosi kena. Chachiwiri ndi ziwerengero za NGC ndi PCGS za ndalama zimene iwo anaziyeza n'kuzitsekera m'mapulasitiki. Manambala amenewa amanena za ndalama zimene anthu anatumiza kukayezetsa, ndipo ndalama ya Malawi ingaoneke yosowa pamenepo chifukwa chakuti ndi ochepa amene amalipira kuti iyezedwe.

Chimene chimandimvetsa chisoni kwambiri ndi R5 ya Nelson Mandela ya 2008, imene anyamata ambiri obwera ku Joni amaisunga ndi chiyembekezo chachikulu. Zolowa m'misika zinasulidwa mamiliyoni, ndipo imene munabwezedwa monga chenji m'sitolo ku Johannesburg ndi imodzi mwa izo, ngakhale iwale motani. Nambala yaying'ono imene munthu angakuonetseni pa Facebook ingakhale yoona, koma ya mtundu wina wosulidwa mwapadera. Pa ndalama ya ku America kapena ku Britain ya zaka zaposachedwa, khulupirirani osula. Pa ndalama ya Malawi yakale, tsegulani Krause kapena tsamba la NGC, ndipo muonetsetse kuti mzere umene mukuwerenga walembedwa proof musanatchule mtengo kwa aliyense.