Ndinakaokeretsa tsitsi ku Istanbul, patha chaka ndi miyezi iwiri, ndikuwapatsa 3 pa 5

Anzanga akuntchito ku City Centre komanso omwe timamenya nawo mpira wa Loweruka akhala akundifunsa kuti aise, zija unapitira ku Turkey zija zinatheka? Ndiye ndati ndingolemba kamodzi aliyense awerenge yekha. Dzina la kiliniki sinditchula chifukwa sanandibere ayi, kungoti pali zinthu zina sanandiuze ndisanalipire.

Kumbali ya chisamaliro ndilibe nawo mawu. Ndinanyamuka pa KIA kudzera ku Addis Ababa, kufika ku Istanbul galimoto ikundidikira, hotelo yabwino, womasulira ali pompo, chipinda chopangira opareshoni chaukhondo. Anandipanga njira ija amati FUE, amazula mizu ya tsitsi umodziumodzi kunkhongo ndi m'mbali n'kukabzala padazi, ineyo anandiika ma graft 3,000, ndiye kuti timagulu ta mizu tozulidwa, ndipo zinatenga tsiku lonse. Jakisoni wochititsa dzanzi yekha ndi amene anandiliza, zinazo ndimangoonera TV. Vuto lalikulu linali kupeza madola kuno kwathu, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Nditabwera, sabata yachitatu tsitsi lija linayamba kuthothoka pafupifupi lonse, ndinatsala pang'ono kudwala BP, madamu akungondiyang'ana osayankhula koma nkhope ikunena kuti ndalama zija bola tikanamalizira mpanda. A kukiliniki aja ndinawalembera pa WhatsApp anandiyankha msanga kuti zimatero, tsitsi limagwa koma muzu umatsala, liyambanso kumera mwezi wachitatu kapena wachinayi. Zinaterodi. Linatuluka lonyozoka ngati la khanda, kenako kumakhwima pang'onopang'ono mpaka chaka chinakwana.

Nde apa ndi pamene pali nkhani. Tsitsi lilipo, mzere wa pamphumi unabwerera, koma ndikaima padzuwa la masana khungu limaoneka ndithu, makamaka paliwombo, silinadzadze ngati pa zithunzi zomwe ndinkaona pa Instagram. Ine ndinakulira ku Kasungu kolima fodya ndiye ndinadzazimvetsa mochedwa kuti izi n'chimodzimodzi kuokera, mbande zimachokera ku nazale ndipo nazale yake ndi nkhongo yako yomweyo, sakuwonjezera tsitsi olo limodzi, akungosamutsa, ndiye munda ukakula mbande zili zomwezo umangotalikitsa mapando basi. Dazi langa linali lalikulu, kuyambira kutsogolo mpaka pakati, mwina masikweya sentimita 100, ndiye gawani nokha 3,000 pamenepo, ndi ma graft 30 pa sentimita iliyonse pomwe mutu woti sunayambe dazi umakhala ndi kuwirikiza kawiri kapena kuposa. Komanso sangazule zambiri kunkhongo chifukwa nako kungayere, ndipo muzu akauzula pamenepo sipameranso.

China chomwe sanandiuze n'chokhudza tsitsi lathuli. Muzu wake ndi wopindika mkati mwa khungu, siwoongoka ngati wa azungu, ndiye kachipangizo kozulira kaja kamatha kuudula pakati ngati wogwira ntchitoyo sanazolowere mitu ya anthu akuda, muzu woduka nthawi zambiri sumera. Kwa ine dokotala anangojambula mzere m'mawa n'kusowa, ntchito yonse anagwira ndi ma technician, ndipo zithunzi zonse zomwe anandionetsa zinali za anthu a tsitsi loongoka, ine osaganiza n'komwe zofunsa kuti ndioneko mutu ngati wangawu.

Wondimeta wanga wa ku Area 25 ndi amene anandithandiza kuposa onse. Anati bwana, inu vuto mukufuna kumeta kwambiri ngati kale, tsitsi lathuli limaphimba likakulako chifukwa limapotana, mukalidula lifupi khungu lonse lili poyera. Ndipo zoona, ndikalisiya masabata atatu likuoneka bho, ndikangometa nambala wani ndiye eee, ngakhale timadontho toyera ta kunkhongo tija timaoneka. Likanyowa kapena ndikadzola mafuta ambiri zimakhalanso chimodzimodzi. Zithunzi za otsatsa malonda zija amajambula tsitsi litakula, litapesedwa bwino, kuwala atakusankha okha.

Kulakwa kwina n'kwanga, ndivomere. Tsitsi lakale lomwe linatsala pakati limapitirizabe kuthothoka chifukwa chomwe chimayambitsa dazi, homoni ija amati DHT, sichinachoke, ndiye anandiuza kuti ndizimwa finasteride ndi kupaka minoxidil. Ndinapaka miyezi inayi botolo litatha ndinazengereza kugula lina, mtengo wake m'mafamase a mu Lilongwe muno si wamasewera, ndipo mapiritsi aja ndinachita nawo mantha nditamva kuti ena amawafooketsa kuchipinda. Ndiye latsopano likumera, lakale likuchoka, pagalasi zimangooneka ngati palibe chasintha pakatipo.

Amene mukuganiza zopita, afunseni kuti dazi lanu ndi lalikulu bwanji ndipo aika ma graft angati pa sentimita, akuonetseni mitu ya anthu akuda yomwe anaigwirapo patatha chaka, ndipo ngati thupi lanu limatupa zipsera zija za keloid kaonaneni kaye ndi dokotala wa khungu konkuno musanagule tikiti. A kukiliniki aja akuti ndibwererenso akadzadze paliwombo ndi ma graft ena 1,500, madamu akuti ndikangoyerekeza ndikapeze katundu wanga ali panja.