Kuika chitsulo tsiku lozula dzino: njira iti imasunga fupa la nsagwada?

Achemwali anga anagwa pa kabaza pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, dzino lakumtunda, lakutsogolo kwenikweni, n'kuthyokera m'nkhama. Kuno ku Mangochi kuzula amazula, koma zoika chitsulo cha titanium m'nsagwada, cholowa m'malo mwa muzu wa dzino, chimene madokotala amati implanti, tinachita kukwerera minibasi ya ku Blantyre. Zimene ndinaphunzira pa maulendo amenewo ndazilemba apa kuti anzanga musakalowe m'chipinda cha dokotala muli chimbulimbuli ngati mmene tinalowera ife.

Ambirife timaganiza kuti dzino likazulidwa, chitsulo n'kulowa tsiku lomwelo, dzenje latsekeka ndipo fupa lapulumuka. Sizili choncho. Fupa lozungulira muzu limadalira dzinolo, chifukwa magazi ena olidyetsa amadzera m'timinyewa tolumikiza muzu ndi fupa. Dzino likachoka, fupa limayamba kuphwa. Pakutha chaka likhoza kuwonda ndi theka, ndipo kuphwa kwakukulu kumachitika m'miyezi itatu yoyambirira. Pa mano akutsogolo, khoma la fupa la mbali ya mlomo nthawi zambiri silikwana n'komwe milimita 1, kupyapyala ngati chigoba cha dzira. Likatha limenelo, nkhama zimakwera, ndipo munthu akamwetulira pamaoneka kamdima ka chitsulo.

Chitsulo chimakhala chaching'ono kuposa dzenje la muzu, choncho pamatsala mpata pakati pa icho ndi khoma lija. Mkangano wonse uli pa mpata umenewu: aikemo chiyani?

Njira yotchipa ndi kuusiya kuti magazi aundane okha n'kusanduka fupa. Ngati mpatawo sufika mamilimita 2 ndipo khoma ndi lochindikala, zimatheka. Pa dzino lakutsogolo la khoma lopyapyala, ine sindingavomere.

Njira imene inatigwira mtima ndi ya fupa la ng'ombe. Amaliyeretsa mpaka kutsala mchere wa fupa wokhawokha, n'kukhala timibulu toyera ngati shuga wokhakhala. Lodziwika kwambiri ndi Bio-Oss la ku Switzerland. Ubwino wake ndi woti thupi limalisungunula pang'onopang'ono kwambiri, kotero limakhala ngati nsichi zogwira nkhama pamalo pake pamene fupa lanu likumera pakati pa timibuluto. Siliimitsa kuphwa konse, limangokuchepetsa; amene angakulonjezeni zoposa apo mumukayikire. Ndinaonerera dokotala akutinyowetsa timibuluto m'kambale kakang'ono, kenako n'kumatitsendera mu mpata ndi kachitsulo kosongoka, pang'ono pang'ono, monga mmisiri akumata ming'alu ya bwato.

Fupa lanu lomwe, lopalidwa pena m'nsagwada, lili ndi moyo ndipo thupi silimalikana. Koma limasungunuka msanga kuposa la ng'ombe, komanso mumabwerako ndi mabala awiri. Madokotala ena amasakaniza ziwirizi. Palinso fupa lopangidwa kufakitale, lopanda chochokera ku nyama, ndi lina lochokera kwa anthu opereka matupi awo. Magazi anu opukusidwa m'makina, amene amati PRF, amathandiza nkhama kupola, koma paokha sachirikiza khoma ngati timibulu tija.

Apa ndiime pang'ono, chifukwa kuno kwathu Asilamu ndi ambiri, achemwali anganso anakwatiwa ku banja la Chisilamu. Pamwamba pa timibulu nthawi zina amaphimbapo kachikopa kosungunuka kokha, ndipo tambiri mwa timeneti, monga Bio-Gide, timapangidwa kuchokera ku nkhumba. Dokotala sangaganize zokuuzani ngati simufunsa. Ife tinafunsa, ndipo popeza khoma la achemwali linali lathunthu, kachikopako sikanafunike n'komwe. Tilipo topangidwa kuchokera ku ng'ombe ndi tina tafakitale. Funsani musanagone pampando, osati dzanzi litalowa kale.

Njira ina yochititsa chidwi inafotokozedwa mu 2010 ndi dokotala wa mano Hürzeler wa ku Germany ndi anzake. Pozula, amasiya dala kachibenthu ka muzu kumbali ya mlomo, kuti khoma lipitirize kulandira magazi ngati kuti dzino likadalipo. Ikayenda bwino, nkhama sizisuntha kwenikweni. Koma imafuna dzanja lozolowera, muzu wopanda matenda, ndipo kachibenthuko kakagwedera kapena kutulukira m'nkhama muyenera kubwerera msanga. Kwa munthu wa ku Makanjira kapena ku Namwera, kubwerera msanga si nkhani yapafupi. N'chifukwa chake ine ndimaiika pambuyo, ngakhale ndimaisirira.

Ndiye pali kudikira. Ngati khoma linasweka pogwa, kapena pali mafinya ambiri, kapena chitsulo sichikugwira nganganga, ndi bwino kudzaza dzenje ndi timibulu, kudikira miyezi ingapo mutavala dzino loikirira, kenako n'kuika chitsulo. Maulendo amachuluka, ndalama za mayendedwe zimapita, komabe zimaposa kuika mothamanga n'kudzachotsanso. Osuta fodya ndi odwala shuga amene sakutsika, njira iliyonse imawavuta kupola, ndiye yambani mwakonza zimenezo.

Chinthu chimodzi chimene timibulu sitingakonze ndi malo oikapo chitsulo. Chiyenera kupendekera mkati, chakumkamwa, osatsamira khoma lopyapyala lija. Pemphani chithunzi cha CBCT chimene chimaonetsa kuchindikala kwa khomalo, chifukwa ekisirei wamba saonetsa kuchindikalako, ndipo dokotala akulozereni ndi chala pamene chitsulo chidzakhale.

Achemwali anasankha chitsulo cha tsiku lomwelo, fupa la ng'ombe mu mpata, ndi kadzino kongoyembekezera kosagunda mano apansi. Kwa miyezi inayi anadya phala, nsima yofewa ndi chambo chominula minga, osaluma chimanga chootcha kapena nzimbe, kufikira tsiku limene tinakweranso minibasi kukaika dzino lenileni.